Kodi Wosowa Poyankha Ndiye Wolakwa?

Pali kugonja kwa mitundu iwiri. Kwina munthu agonja pa mtsutso chifukwa mnzake wamuonetsa choona chimene iye sanachione, ndipo achoka pabwalo mtima uli pansi, ngakhale manyazi alipo pang'ono. Koma kwina munthu angokhala chete chifukwa mawu amthera. Mnzake walankhula mwaluso, mawu ake atsatana bwino monga mikanda pa ulusi, anthu aomba m'manja. Iye afunafuna polowera, osapapeza. Apita kunyumba ali ndwii, ndipo usiku tulo tikana kudza, pakuti mumtima adziwa ndithu kuti zimene zanenedwa pabwalo paja si zoona. Funso la m'nkhani ino ndi ili: kodi munthu wotere ayenera kuvomera? Kodi kusowa poyankha ndiko kulakwa?

Luso lolankhula mawu omveka ngati anzeru, koma okhala ndi chinyengo m'kati, lili ndi dzina lake m'zinenero za ku Ulaya. Pa Chingerezi alitcha sophistry. Ife tilibe liwu limodzi lolingana nalo. Tikhoza kunena kuti ukathyali wa pakamwa, kapena kuchenjera kopotoza mawu. Dzina lachilendolo lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo itithandiza kuyankha funso lathu.

Zaka zoposa 2,400 zapitazo, mumzinda wa Athens, m'dziko la Greece, munalibe mfumu yolamula. Amuna amene anali mfulu ndi mbadwa za mzindawo ankasonkhana pakaphiri kotchedwa Pnyx, nakambirana za nkhondo, za chuma ndi za malamulo, ndipo potsiriza ankakweza manja kuti aone mbali yochuluka. Akazi, akapolo ndi alendo analibe mawu pamenepo. Milandu nayo sinkaweruzidwa ndi munthu mmodzi ayi, koma ndi khamu la anthu wamba osankhidwa mwa maere, nthawi zina 201, nthawi zina 501, pena kuposa apo. Kwathu kuno munthu apita kubwalo ndi nkhoswe yake kapena mwini mbumba woti amlankhulire. Ku Athens mwambo unali wakuti mwini mlandu aime yekha pamaso pa khamu lija nadzilankhulira. Nthawi yolankhula ankaiyesa ndi mtsuko wa madzi wobooledwa kunsi: madzi akatha, mawunso atha. Taganizani tsono za mlimi wachibwibwi amene alandidwa munda, aimirira pamaso pa anthu 501, madzi ali kudontha. M'mudzi wotere lilime linali chuma choposa ng'ombe.

Pamene pali njala ya chinthu, ogulitsa chinthucho sachedwa kufika. Kunadza aphunzitsi oyendayenda, ochokera m'mizinda ina. Protagoras anachokera ku Abdera, Prodicus ku chilumba cha Ceos, Hippias ku Elis. Gorgias anachokera ku Leontini, pa chilumba cha Sicily, nafika ku Athens monga mthenga wa mzinda wake m'chaka cha 427 Yesu asanabadwe, ndipo anthu anazizwa ndi kalankhulidwe kake. (Owerenga akumbukire kuti zaka za nthawi imeneyo ziwerengedwa chotsika: chaka cha 427 ndicho chinayamba, cha 399 chinadza pambuyo.) Aphunzitsi awa ankatchedwa ndi liwu lachigiriki lakuti sophistes, ndipo ife tiwatche Asofisti. Poyamba liwuli silinali lonyoza konse. Linkatanthauza munthu wanzeru, katswiri pa ntchito yake.

Tiwachitire chilungamo anthu amenewa. Zolemba zawo zambiri zinatayika, ndipo zochuluka zimene tizidziwa za iwo tizimva kwa Plato, amene sankawakonda. Mlandu womvera mbali imodzi suweruzika bwino. Protagoras anali mmodzi wa anthu oyamba kusanthula malamulo a chinenero. Prodicus ankaphunzitsa kusiyanitsa mawu ofanana matanthauzo, monga ife tisiyanitsa kubwereka ndi kupempha. Hippias anasonkhanitsa maina a opambana pa masewera a ku Olympia. Plato anawadzudzula chifukwa cholandira malipiro, nalemba kuti Protagoras anapata chuma choposa cha Phidias, mmisiri wosema zifaniziro wotchuka koposa onse. Pa mfundo iyi ine, amene ndidya za m'choko mwezi ndi mwezi, sindingaponye mwala. Mphunzitsi naye ali ndi mimba.

Choipa sichinali m'malipiro, koma m'chimene ambiri ankagula ndi malipirowo. Protagoras ankaphunzitsa kuti pa nkhani iliyonse pali mbali ziwiri zotsutsana, ndipo zonse zikhoza kulankhulidwa mwamphamvu. Chiphunzitsochi chili ndi ubwino wake, pakuti munthu wodziwa mbali ya mnzake aweruza modekha. Koma anyamata olemera a ku Athens anatolapo china. Iwo anaona kuti ngati mbali yofooka ikhoza kuvekedwa mpaka ioneke yamphamvu, ndiye kuti kufunsa mbali imene ili yoona n'kutaya nthawi. Chofunika n'kupambana basi. Kuyambira pamenepo dzina la Msofisti linayamba kununkha, ndipo likununkhabe mpaka lero.

Tiyeni tione msampha weniweniwo mmene autchera. M'buku lina la Plato muli abale awiri, Euthydemus ndi Dionysodorus, odzitama kuti akhoza kugonjetsa munthu aliyense pa mtsutso, anene zoona kapena zonama. Mmodzi wa iwo anafunsa mnyamata wina, dzina lake Ctesippus, ngati ali ndi galu. Mnyamatayo anavomera. Anamfunsanso ngati galuyo anabereketsa ana, ndipo anavomeranso. Pamenepo Msofistiyo anamuuza kuti popeza galuyo ndi tate, ndiponso ndi wake, ndiye kuti ndi tate wake, tiagaluto ndi abale ake, ndipo pomenya galuyo amenya atate ake omubala.

Palibe munthu angakhulupirire zimenezi, ndipo chifukwa chake chitsanzochi n'chabwino: tiuona msampha masana, usanakwiriridwe ndi masamba. Taonani kuti mnyamata uja sanavomere bodza lililonse. Galu analidi wake. Galu analidi tate. Chinyengo chili polumikizira. Liwu lakuti "wake" lagwira ntchito ziwiri. Poyamba litanthauza chiweto chake, potsiriza litanthauza womubala. Choona chonse chinali chakuti galuyo ndi chiweto cha mnyamata, ndipo ndi tate wa tiagalu. Msofisti anataya mawu aja akuti "chiweto" ndi "wa tiagalu" mwakachetechete, naphatikiza zotsalazo.

Mwina mukuseka, nimuti zotere n'za anthu osowa chochita. Tiyerekeze tsono chonchi. M'mwezi wa February, njala ili pakati, mkamwini wina abwereka madengu awiri a chimanga, nalonjeza pamaso pa mboni kuti adzabweza akadzakolola m'munda mwake. Nthawi yokolola ifika, nkhokwe idzaza, mwini chimanga uja abwera. Wangongoleyo amyalira mphasa mwaulemu, nati: "Achimwene, mawu anga sindiwakana. Ndinati m'munda mwanga. Koma kodi mkamwini ali ndi munda? Uwu ndi munda wa akazi anga ndi mbumba yawo, funsani aliyense pamudzi pano. Tsiku limene ndidzakhale ndi munda wangawanga, ndidzakolola, ndipo chimanga chanu mudzachiona." Mboni zija zinene chiyani? Mawu analidi amenewo. Munda ulidi wa kuchikazi. Koma mu February "munda wanga" unali munda umene iye alima, ndipo mu May wasanduka munda umene iye ndi mwini wake. Ndi galu yemwe uja, wangosintha ubweya. Kusiyana kwake n'kwakuti pano pali ana a munthu amene agona ndi njala chifukwa atate awo anachita chifundo.

Apa tiona kusiyana kwa wabodza ndi Msofisti. Wabodza aopa mboni, pakuti mboni ikafika bodza ligwa. Msofisti aitana mboni yekha. Njerwa zake zonse n'zootcha bwino, mukhoza kuzigogoda imodzi imodzi osapeza yosweka. Koma dothi lomangira ndi mchenga. N'chifukwa chake munthu woongoka mtima asokonezeka. Iye anazolowera kufunsa kuti, "Kodi ichi n'choona?" ndipo pa chiganizo chilichonse yankho lili inde. Sanazolowere kufunsa kuti, "Kodi ichi chibala icho?" Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuyu yotere sitiiweruza poiyang'ana kunja, tiyenera kuing'amba.

Pali nkhani ina ya Protagoras mwiniwake, imene inalembedwa ndi anthu a zaka za pambuyo pake. Mnyamata wina, Euathlus, anafuna kuphunzira luso la milandu. Anapangana kuti alipire theka la ndalama poyamba, ndipo theka linalo adzalipire tsiku limene adzapambane mlandu wake woyamba. Anaphunzira, natsiriza, koma sanatenge mlandu uliwonse. Miyezi inapita. Protagoras anatopa, namsumira. Pabwalo mphunzitsi anati ndalamazo adzalandira mulimonse: akapambana iye, oweruza adzalamula kuti alipidwe, akapambana mnyamatayo, ndiye kuti wapambana mlandu wake woyamba, ndipo pangano limkakamiza kulipira. Mnyamatayo anautembenuza mpeni womwewo. Anati sadzalipira mulimonse: akapambana, oweruza amumasula; akagonja, ndiye kuti sanapambanebe mlandu woyamba, ndipo pangano silimgwira. Nkhaniyo iti oweruza anasowa chonena, naukankhira mlanduwo ku tsiku lakutali.

Yesani kuima pano pang'ono musanawerenge zotsatira. Onse awiri sangakhale olondola, pakuti ndalamazo zidzalipidwa kapena sizidzalipidwa. Nanga mfundo yakhota pati?

Mumsika muli ogulitsa ena okhala ndi mbale ziwiri zoyezera: yaikulu pogula kwa alimi, yaing'ono pogulitsa. Anthu awiriwa anachita chomwecho. Panali miyeso iwiri, chigamulo cha bwalo ndi pangano lawo. Aliyense ankatenga chigamulo pamene chimkomera, ndipo chikamuipira ankachiponya pansi natola pangano. Mukawakakamiza kuti agwire mbale imodzi kuyambira poyamba mpaka potsiriza, nkhungu yonse ichoka. Ine ndikadakhala pakati pa oweruza aja ndikadati: lero mnyamatayu alibe ngongole, pakuti sanapambanepo mlandu, choncho apite. Koma mawa Protagoras abwerenso, pakuti tsopano mnyamatayu wapambana mlandu wake woyamba, ndipo alipire.

Aristotle, amene anaphunzira kwa Plato, anaona kuti misampha iyi, ngakhale ioneka yosawerengeka, mitundu yake ndi yochepa. Analemba buku lonse la zimenezi, nawerenga mitundu 13: mitundu 6 yobisala m'mawu enieniwo, monga wa galu uja, ndi 7 yobisala m'kayendedwe ka maganizo. Umodzi wa iyo tiudziwa tonse, ndiwo kumanga mafunso awiri m'phukusi limodzi. Munthu akufunsani pagulu, "Kodi munaleka kuba nkhuku za eni? Yankhani inde kapena iyayi." Mukati inde, mwavomera kuti munkaba. Mukati iyayi, mukubabe. Yankho loyenera n'kumasula phukusilo, ngakhale wofunsayo afuule kuti mukuzemba.

Anthu a ku Athens anaona okha zipatso za luso limeneli, ndipo anaziseka m'sewero. M'chaka cha 423 Aristophanes anaonetsa sewero lonena za nkhalamba ina ya kumudzi, Strepsiades, imene inamira m'ngongole chifukwa mwana wake, Pheidippides, ankakonda akavalo a mpikisano. Nkhalambayo inamva kuti kuli sukulu yophunzitsa munthu kupambana mlandu ngakhale ali wolakwa. Inapitako yokha, mutu unakana, ndipo inatumiza mwana uja. Mwanayo anaphunzira bwino, tate wake napirikitsa eni ngongole mokondwa. Koma posakhalitsa anakangana pachakudya, mwanayo namenya atate ake. Atatero anaima nafotokoza bwinobwino kuti wachita zoyenera: tate ankammenya ali mwana kuti amuongole, ndipo popeza ukalamba ndi ubwana wachiwiri, iyenso ayenera kuongola tate wake. Anawonjeza kuti akhoza kutsimikiza kuti n'koyenera kumenyanso amayi ake. Nkhalamba inasowa poyankha, inatenga muuni, nikatentha sukulu ija.

Chimene chindigwira mtima m'seweroli n'chakuti palibe Msofisti anapita kukagogoda pakhomo pa nkhalambayo. Inadzipitira yokha, chifukwa inafuna kudya za eni. Mawu opotoka amera msanga pamene mtima wawalimira kale. Munthu wofuna kusiya mkazi wake, kapena kusunga ndalama za mpingo m'thumba mwake kwa mwezi umodzi chabe, sasowa Protagoras. Zifukwa zosalala azipeza yekha pakati pa usiku, ndipo womvetsera wake, amene ndi iye mwini, satsutsa.

Koma seweroli linachitanso choipa. Aristophanes anaika Socrates monga mkulu wa sukulu yachinyengo ija. Socrates weniweni sankalandira malipiro, ndipo ntchito yake inali kufunsa anthu mafunso, Asofisti omwe, kufikira poyera pataoneka kuti sadziwa zimene adzitama nazo. Koma kwa munthu woima patali, wofunsa mafunso ovuta ndi wotchera misampha aoneka amodzi. Patapita zaka 24, m'chaka cha 399, Socrates, ali ndi zaka ngati 70, anaimbidwa mlandu wakuti salemekeza milungu ya mzinda ndi kuti asokoneza achinyamata. Plato analemba kuti podziteteza Socrates anatchula sewero lija, nati mbiri yakuti iye asandutsa mbali yofooka kukhala yamphamvu inamtsata zaka zambiri. Anamweruza kuti afe, namwa chikho cha poizoni. Mzinda umene unatopa ndi akathyali unapha munthu amene ankawavula.

Chomwecho kudana ndi onse olankhula mwanzeru si mankhwala ayi. Ndipo pali nkhani yoonetsa kuti chidani chimenecho nachonso chikhoza kukhala chida cha kathyali. Inalembedwa ndi Thucydides, wolemba mbiri amene anali moyo masiku omwewo.

M'chaka cha 428 mzinda wa Mytilene, pa chilumba cha Lesbos, unapandukira Athens pakati pa nkhondo. Chaka chotsatira unagonja. Anthu a ku Athens, ali ndi ukali, anakweza manja kuti amuna onse a ku Mytilene aphedwe, akazi ndi ana akhale akapolo. Ngalawa inanyamuka tsiku lomwelo kukapereka lamulo kwa mkulu wa nkhondo, Paches. Koma atagona, ambiri anadzuka mitima ikuwatsutsa, ndipo msonkhano unaitanidwanso. Anaimirira Cleon, amene ankamveredwa koposa masiku amenewo. Iye sanadzionetse ngati wanzeru ayi. Anadzudzula anthu kuti akonda mawu okoma, nawafanizira ndi oonerera Asofisti. Anati anthu wamba osaphunzira asunga mzinda bwino koposa ochenjera. Anatinso aliyense wofuna kutsegulanso nkhaniyo afuna kuonetsa luso lake, kapena walandira chiphuphu.

Taonani mmene msampha uwu watcheredwa. Cleon sanayembekeze kuti womtsutsa alankhule. Anathira matope pachitsime anthu asanatunge. Amene aimirire pambuyo pake, akalankhula bwino ndiye kuti ndi Msofisti, akalankhula molimbika ndiye kuti wadya ndalama. Funso linali lakuti, kodi n'koyenera kupha mzinda wonse, olakwa ndi osalakwa pamodzi? Cleon analisandutsa lina: kodi inu ndinu amuna olimba, kapena ana otengeka ndi mawu? Munthu wochenjeza za akathyali ndiye anali kathyali wamkulu tsikulo.

Anamyankha Diodotus, munthu amene mbiri simtchula pena paliponse. Anati changu ndi mkwiyo ndizo zimaononga uphungu, ndipo kunamizira mnzako chiphuphu kulanda mzinda aphungu abwino, pakuti adzaopa kulankhula. Sanapemphe chifundo, podziwa kuti Cleon watseka kale khomo limenelo. Analowera pa phindu la Athens: mukapha onse, mzinda wina uliwonse wopanduka udzamenya nkhondo mpaka munthu wotsiriza, podziwa kuti kugonja n'kufa komwe. Apa choona chinafunika lilime lakuthwa kuti chipulumuke. Manja atakwezedwa, mbali ziwirizo zinatsala pang'ono kulingana, koma ya Diodotus inaposa. Ngalawa yachiwiri inanyamuka, yoyamba itatsogola usana ndi usiku. Opalasa ankadya ufa wa barele wosakaniza ndi vinyo ndi mafuta ali chipalasire, nagona mosinthana. Anafika Paches atangowerenga lamulo loyamba, asanalichite. Anthu oposa 1,000, amene anayesedwa atsogoleri a chipanduko, anaphedwabe. Otsala onse anakhala ndi moyo.

Tibwerere tsono kwa munthu wathu wosowa poyankha. Ine nditi sayenera kuvomera chifukwa chongosowa mawu. Kufulumira kwa lilime ndi mphatso ina, kuona choona ndi mphatso inanso, ndipo kawirikawiri sizikhala mwa munthu mmodzi. M'kalasi ndiona ana ena okweza mkono funso lisanathe, ndi ena oyankha mawa lake. Oyankha mawa si ndiwo olakwa kawirikawiri.

Agiriki omwewo atipatsa umboni. Zeno wa ku Elea, amene sanali wa gulu la aphunzitsi olipidwa aja koma woteteza maganizo a mphunzitsi wake Parmenides, anatsimikiza ndi mawu kuti Achilles, ngwazi yaliwiro ya m'nthano zawo, sangapitirire kamba ngati kambayo atsogola pang'ono. Tiikepo manambala athu. Kamba ali mapazi 100 patsogolo, ndipo Achilles athamanga kakhumi kuposa iye. Pofika Achilles pamene panali kamba, kambayo wasuntha mapazi 10. Potha mapazi 10 amenewo, kamba wasuntha phazi limodzi. Potha phazilo, kamba wasunthanso pang'ono, ndipo chomwecho osatha. Tsono adzampeza liti? Aristotle anayesa kuyankha, koma akatswiri a masamu anafika pa yankho lokhutiritsa patapita zaka pafupifupi 2,000. Yankho lake n'lakuti tizidutswato tilibe mapeto, koma tonse pamodzi sitifika mapazi 112. Achilles ampeza kamba atangopitirira pang'ono phazi la 111. Nanga anthu onse amene anakhala m'zaka 2,000 zija, osadziwa poyankha, akadayenera kukhulupirira kuti waliwiro sapitirira kamba? Iyayi. Anachita bwino kukhulupirira maso awo, nasiya funsolo lili chitsegukire.

Koma pano wina anditsutsa, ndipo ayenera kumveka. Ati: "Aphunzitsi, mwapereka chishango kwa aliuma onse. Munthu aliyense wouma mutu adzati, sindingayankhe koma mtima wanga ukana." Izi n'zoona, ndipo si zazing'ono. Zinthu zambiri zoona zinamveka zachilendo poyamba. Kwa zaka mazana anthu a ku Ulaya ankati malungo adza ndi mpweya woipa wa m'madambo. M'chaka cha 1897, ku India, dokotala Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Munthu amene akadati, "Mtima wanga ukana, kachirombo kakang'ono chotere sikangagwetse mwamuna," akadalakwa, ndipo ana ake akadadwala. Mtima wokana suli mboni yokwanira.

Tsono kusowa poyankha sikutikakamiza kuvomera, koma sikutipatsanso ufulu wokana n'kukagona. Kutipatsa ntchito. Wouma mutu ati iyayi, nkhani nithera pomwepo. Munthu wofuna choona ati, "Ndamva, koma sindinaone. Ndipatseni usiku." Apita nayo nkhaniyo kunyumba, aibwereza pang'onopang'ono, afunsa ena, ayang'ana liwu limene lasintha tanthauzo panjira, chinthu chimene chasiyidwa, funso limene lalowa m'malo mwa linzake. Akapeza pokhota, abwerera kubwalo. Akafufuza moona mtima osapeza, ndipo umboni uchulukirachulukira, pamenepo agonje, ndipo kugonja kotero kulibe manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo pempho lija la usiku umodzi liyesanso wolankhulayo. Wonena zoona sataya kanthu mukachedwa. Za udzudzu zija anthu ena anaziyesa okha ndi magalasi awo oonera tizilombo, nazipeza momwemo. Koma wotchera msampha adziwa kuti msampha wake sukhalitsa padzuwa. Ndiye amene ati, "Vomerani lero, mawa mwayi watha." Ndiye amene akuchititsani manyazi pagulu, nati, "Izi n'zovuta kwa anthu osapita kusukulu." Cleon anakwiya ndi chinthu chimodzi koposa zonse, ndicho chakuti anthu anagona nayo nkhani ija nadzuka nayo. Amuna a ku Mytilene anapulumuka ndi usiku umenewo.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu, mwalandira chida chimene mlimi wachibwibwi uja, woima pafupi ndi mtsuko wodontha, analibe. Mawu a pakamwa athamanga, ndipo simungawagwire mchira kuti muwaonenso. Mawu a papepala aima pomwepo. Plato analemba kuti Socrates ankadandaula kuti zolembedwa sizingayankhe mukazifunsa. N'zoona, koma sizingakufulumizeninso. Mukhoza kuika chala pa liwu limodzi, kubwerera pamwamba, ndi kuona ngati lili ndi tanthauzo lomwe lija. Ngozi yake ndi imodzi: munthu wongoyamba kuwerenga aopa zilembo zosindikizidwa, nayesa kuti chinthu sichingalembedwe bwino chotere chikadakhala chonama. Makina osindikizira sasankha. Asindikiza za Diodotus ndi za Cleon ndi inki imodzimodzi, ndipo uthenga wa pafoni uli chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti wobwereketsa ndalama akupatsani pepala. Pamwamba, ndi zilembo zazikulu, palembedwa kuti chiwongoladzanja ndi 20 pa 100 chabe. Iye akuuzani kuti mukatenga K10,000 mudzawonjeza K2,000 yokha, ndipo sananame. Cholembera achiika kale m'dzanja lanu. Chiikeni pansi, nimutsike ndi chala mpaka ku tizilembo ta m'munsi, mufune liwu limodzi: kodi 20 ameneyu ndi wa pachaka, kapena wa pamwezi? Ngati ndi wa pamwezi, ndipo inu mudzatha kubweza patapita chaka, K2,000 ija idzabwera kakhumi ndi kawiri. Idzakhala K24,000, pamwamba pa K10,000 imene munatenga.